Ntchito za dzuwa zimene sitilituma

Aliyense amene amalima kamunda ka chimanga m'madambo a ku Mufakose kapena m'mphepete mwa msewu wa ku Dzivarasekwa, kuno ku Harare m'dziko la Zimbabwe, akudziwa zimene zimachitikira thumba la pulasitiki likaiwalidwa panja. Mu Meyi mwakolola, matumba ena mwathiramo chimanga, otsala mwawaponya padenga la khola la nkhuku. Pofika Okutobala, majakaranda atayamba kuyoyola maluwa m'misewu ya m'tauni, mukati munyamule thumba lija limangothetheka m'manja, n'kukusiyirani ufa woyera mbuu m'zala. Koma litembenuzeni muone mbali imene inagona pamalata: idakali yolimba ndithu. Mipando ya pulasitiki imene timabwerekana pamaliro nayo imayamba kutuwa, kenako tsiku lina mwendo umathyoka atakhalapo mlendo wolemekezeka.

Tikaona zotere timaloza chala kutentha. Ine ndimakana, ndipo mboni yanga ili m'dimba. Paipi yakuda yothirira ndiwo zamasamba imagona padzuwa lomwelo, imatentha moti masana madzi oyamba kutulukamo amafwetsa mbande, koma imatha zaka ili bwinobwino. Thumba loyera, limene silitentha n'komwe mukaligwira, limatha m'miyezi yowerengeka. Ndipo mbali ija yogona pamalata, imene imapsa kwambiri masana, ndi imene yapulumuka.

Chimene chimadya thumba ndi kuwala, makamaka cheza chosaoneka ndi maso chotchedwa UV. Pulasitiki inapangidwa ndi timaunyolo tataliatali ta maatomu a kaboni ogwirana. UV ikalowa imadula unyolo pamalo amodzi, mpweya wa okosijeni n'kulowerera podukapo, ndipo kuchokera apo kuwonongeka kumafalikira kokha ku maunyolo oyandikana nawo. Opanga mapaipi amazidziwa izi, n'chifukwa chake amasakanizamo mwaye wosalala wotchedwa carbon black, pafupifupi magawo 2 pa magawo 100 alionse. Mwayewo umameza UV pamwamba penipeni pa paipi n'kuisandutsa kutentha wamba, kumene pulasitiki imakupirira. Asayansi amene amafufuza mmene kuwala kumasinthira zinthu chonchi amati ntchito yawo ndi photochemistry.

Amalume anga amadyera pomwepa. Amasindikiza ma T-shirt m'kachipinda kena ku Mbare: a makwaya a mpingo, a matimu a mpira a m'makomboni, a zikumbutso za maliro, ndi a magulu othandizana a anthu amene makolo awo anachokera ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mangochi. Chida chawo chachikulu ndi sikirini, chimango cha matabwa chimene amakungapo nsalu ya timabowo ting'onoting'ono. Usiku amaipaka phala lobiriwira lotchedwa emulsion, atayatsa babu yachikasu yokha, zenera atatchinga ndi bulangete. Amaiumitsa ndi fani. Mawa lake, dzuwa likafika paliwombo, amayala pasikirinipo pepala loonekera lokhala ndi zilembo zakuda bii, amapanikiza ndi galasi, n'kutuluka nazo panja akuwerenga chamumtima. Sizitenga nthawi. Akabwerera m'nyumba amapoperapo madzi. Phala limene linabisala kunsi kwa zilembo limasungunuka n'kuchoka, pamene lonse limene linaona dzuwa limakanirira, madzi osalitha. Zilembo zimatseguka pansalu, ndipo inki idzadutsa pamenepo pokha.

Tsiku lina mu Januwale kunja kutachita mitambo, ma T-shirt a ukwati akudikiridwa, mnyamata amene amawathandiza anawafunsa kuti: “Agogo, bwanji osangoiwamba pambaula, kapena kuisita ndi ayironi?”

“Iwe, moto umangochotsa madzi,” anatero amalume. “Ukaiwamba, mwina zichoka zonse potsuka, mwina ziuma gwa zonse osatsegukanso. Moto suwerenga zilembo. Dikira mtambowo udutse.”

M'phalalo muli zinthu ziwiri zofunika. China ndi pulasitiki yosungunuka m'madzi yotchedwa polyvinyl alcohol, ndipo chinacho ndi kemikolo ya mtundu wa diazo imene amalume amathiramo akangogula chitini. Diazo imameza UV ndi kuwala kwa mtundu wa pepo. Ikameza imasweka, n'kumangirira maunyolo a pulasitiki aja wina ndi mnzake mpaka kukhala ukonde umene madzi sangaumasule. Babu yachikasu ilibe kuwala kumene diazo imameza. Mutha kuiyatsa usiku wonse, phala silimva kanthu.

Amene anayamba kusiyanitsa kuwala ndi moto mwa kuyesa anali mphunzitsi wa zachipatala wa ku Germany, Johann Heinrich Schulze, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700. Anali ndi botolo la choko chosakaniza ndi asidi mmene munali siliva, ndipo anaona kuti mbali yoyang'ana pazenera ikuda. Analiika pamoto wa uvuni, silinade. Kenako anaboola zilembo papepala, n'kukulunga botolo, n'kuliika padzuwa, ndipo mawu analembeka pachokocho. Ndi zimene amalume amachita lero. Mu 1777 Carl Wilhelm Scheele anapeza kuti pa mitundu yonse ya utawaleza, wa pepo ndi umene umadetsa mchere wa siliva mofulumira kwambiri. Mu 1801, ku Jena, Johann Wilhelm Ritter anaika pepala la mchere womwewo kupitirira pamene mtundu wa pepo umathera, pamalo pamene diso silionapo kanthu, ndipo linada mofulumira kuposa pena paliponse. UV inapezeka choncho. Zithunzi zakale za agogo athu atavala masuti ku Salisbury (Harare wa lero), zimene ankatumiza ku Nyasaland kuti akumudzi aone kuti zikuyenda, zinajambulidwa ndi mchere wa siliva womwewu.

Pali malamulo awiri amene amafotokoza zonsezi. Loyamba analinena Theodor von Grotthuss mu 1817: kuwala kumasintha chinthu pokhapokha ngati chinthucho chakumeza. Kumene kwadutsa kapena kwabwerera sikugwira ntchito. Lachiwiri linabwera Albert Einstein atalemba mu 1905 kuti kuwala kumayenda m'timaphukusi, timene pano timatchedwa ma photon, ndipo mphamvu ya kaphukusi kalikonse imadalira mtundu wa kuwalako. Molekyu imodzi, kutanthauza kagulu ka maatomu ogwirana, imameza kaphukusi kamodzi. Ngati mphamvu ya kaphukusiko ikukwanira, molekyu imasweka kapena kupindika. Ngati sikukwanira, palibe chimachitika, ngakhale timaphukusito titachuluka bwanji. Zili ngati ana ogenda mango: ana 50 amene miyala yawo ikuthera m'munsi mwa nthambi sagwetsa kanthu, koma mmodzi wa dzanja lofika amagwetsa ndi mwala umodzi.

Manambala ake ndi osavuta. Mtundu wa kuwala umadziwika ndi kutalika kwa mafunde ake, kumene kumayezedwa m'timiyezo ting'onoting'ono totchedwa ma nanomita. Diso limaona kuwala kwa pakati pa ma nanomita 400 ndi 700, kuyambira pepo mpaka kofiira, ndipo nambala ikamachepa mphamvu imakula. Pa muyezo umene akatswiri amagwiritsa ntchito, wa ma kilojoule pa mole, kuwala kofiira kumabwera ndi mphamvu pafupifupi 170, kwa buluu pafupifupi 265, ndipo UV ya ma nanomita 300 imabwera ndi pafupifupi 400. Kuti mulekanitse maatomu awiri a kaboni ogwirana pamafunika pafupifupi 350. Mutha kuona nokha amene akufika panthambi. Moto umagwedeza mamolekyu onse mumphika nthawi imodzi, osasankha. Kuwala kumapereka mphamvu yaikulu kwa molekyu imodzi yokha imene yakumeza, zoyandikana nazo zili zii.

Inuyo pamene mukuwerenga pano, zikuchitika m'maso mwanu. Kumbuyo kwa diso kuli kamolekyu kotchedwa retinal, kamene thupi limapanga kuchokera ku vitamini A. Mumdima kamakhala kopindika. Photon ikakamenya kamawongoka, ndipo kuwongokako ndi kumene kumayambitsa uthenga wopita ku ubongo. George Wald analandira mphoto ya Nobel mu 1967 chifukwa chofotokoza zimenezi. Kuwongokako kumatenga ma femtosecond pafupifupi 200, ndipo mu sekondi imodzi muli ma femtosecond okwana 1 wotsatana ndi maziro 15. Amene anapeza njira yoonera mamolekyu akusintha pa liwiro lotere ndi wa ku Africa konkuno, Ahmed Zewail wa ku Egypt, ndipo analandira Nobel mu 1999. Mwana wosowa vitamini A amayamba ndi kusaona bwino kukamada, n'chifukwa chake nkhwani, bonongwe, maungu ndi mbatata yofiira m'kati si ndiwo zongodzazira m'mimba.

Pakhungu dzuwa limachita zabwino ndi zoipa ndi cheza chimodzimodzi. UV ya mtundu wotchedwa UVB, ya pakati pa ma nanomita 280 ndi 315, imatsegula molekyu ina ya m'khungu yofanana ndi kolesitolo, ndipo imeneyo ndi imene imasanduka vitamini D. Galasi la pazenera limatchinga pafupifupi UVB yonse, choncho agogo amene amaothera dzuwa ali m'nyumba kuseri kwa galasi amafundidwa koma vitamini sapanga. UVB yomweyo ikafika pa DNA imamatiza zilembo ziwiri zoyandikana za malangizo a selo. Thupi limadula pomatikapo n'kukonza, koma likamakonza tsiku ndi tsiku kwa zaka, pena limalakwitsa, ndipo khansa ya pakhungu imayambira pamenepo. Ambirife timatetezedwa ndi melanin, imene imagwira ntchito yofanana ndi ya mwaye wa m'paipi uja. Abale athu achialubino alibe chitetezo chimenechi.

Apa m'pamene kusokoneza kuwala ndi kutentha kumavulaza munthu. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yaikulu, ndipo UV imawonjezeka munthu akamakwera. Mu Juni ndi Julaye timanjenjemera ndi chisanu, koma kumwamba kuli mbee popanda mtambo, ndipo mwana wachialubino amene waima pabwalo la sukulu masana amapsa khungu atavala juzi. Khungu silimva UV ikamalowa, limamva kutentha kokha, ndiye munthu amazindikira madzulo litafiira kale. Chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza ku dzuwa n'zofunika chaka chonse. Ine ndimaona kuti sukulu imene imaumiriza mwana wotere kuvula chipewa pamzere chifukwa cha yunifolomu ikumuvulaza, ngakhale ikuchita mosadziwa.

Nkhani imene timakangana kwambiri m'mabanja mwathu ndi ya chikasu cha makanda. Mwana wa achemwali anga atabadwa, patangopita masiku ochepa maso ake anayamba chikasu, kenako nkhope ndi chifuwa. Apongozi awo, mayi amene alera ana ndi adzukulu ambiri, anati: “Musadandaule amake mwana, muzimuika padzuwa la m'mawa. Tonsefe tinalera choncho.” Namwino wa pakiliniki atamuona anati apite kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo, ndipo kumeneko anamugoneka pansi pa nyale za buluu, maso atamuphimba, ali ndi thewera lokha.

Apongozi aja sananame kotheratu. Ana pafupifupi 60 pa 100 alionse obadwa masiku atakwana, ndi pafupifupi 80 pa 100 obadwa masiku osakwana, amachita chikasu m'sabata yoyamba, ndipo kwa ambiri chimatha chokha. Khanda limabadwa ndi maselo ofiira a magazi ochuluka, amene amatha msanga. Akamasweka amatulutsa chinthu chachikasu chotchedwa bilirubin. Chiwindi ndi chimene chimayenera kuchikonza kuti chituluke m'thupi, koma chiwindi cha khanda chimakhala chisanakhwime. Bilirubin simasungunuka m'madzi, imakonda mafuta, ndipo ikachuluka kwambiri imalowa mu ubongo n'kusiya mwana wosamva, wopuwala, kapena kumupha kumene. Kuwala kwa buluu, kwa pakati pa ma nanomita 460 ndi 490, kumalowa pang'ono pakhungu, bilirubin imakumeza n'kupindika mwa mtundu wina, ndipo ikatero imatha kusungunuka n'kutuluka ndi ndulu ndi mkodzo chiwindi chisanaigwire.

Amene anatulukira zimenezi analinso mayi wokhulupirira dzuwa. Mu 1956, pachipatala cha Rochford ku Essex, ku England, namwino wamkulu Jean Ward ankatulutsa panja makanda obadwa masiku osakwana, ndipo madokotala anaona khanda lina limene chikasu chinali chitachepa thupi lonse kupatula pamene panaphimbidwa ndi nsalu. Dokotala Richard Cremer ndi anzake anayesa ndi nyale n'kufalitsa zotsatira mu 1958. Koma dzuwa silibwera ndi buluu yekha. Limabwera ndi UV yowotcha khungu lanthete, ndi kutentha kumene kumaumitsa khanda madzi m'thupi, ndipo m'nyengo yozizira kuvula khanda panja n'kuliika pa ngozi ina. Chinanso, mphindi zochepa za m'mawa sizingafanane ndi maola ambirimbiri amene mwana amagona pansi pa nyale. Ku Lagos, ku Nigeria, madokotala anayesa njira yapakati: anamanga timisasa tofoleredwa ndi pulasitiki yapadera yosefa UV ndi kutentha kwina n'kulola buluu kudutsa, anamwino akuyeza kutentha kwa thupi la mwana pafupipafupi. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2015, zinaonetsa kuti pa chikasu chosafika poopsa njirayi inathandiza mofanana ndi nyale. M'dziko limene magetsi amathima maola ambiri, imeneyi ndi nkhani yofunika kuimva. Koma ndi dzuwa losefedwa, pachipatala, magazi atayezedwa. Chikasu chimene chaoneka tsiku loyamba lobadwa, chimene chafika m'manja ndi kumapazi, kapena cha mwana amene akukana bere ndi kungogona, si cha pakhonde ayi.

Pa madzi ndiye dzuwa losasefa limathandiza. Amene tinali kuno mu 2008 ndi 2009 sitingaiwale kolera imene inagwira anthu oposa 98,000 m'dziko muno n'kupha oposa 4,000, Budiriro ikuvutika koposa. Inabweranso mu 2018 ku Glen View ndi ku Budiriro komweko, n'kubweranso mu 2023. Mabanja ambiri timamwa madzi a pachitsime kapena pamjigo, ndipo madzi ooneka oyera si onse amene ali abwino. Pali njira imene Aftim Acra anayamba kuifufuza pa American University of Beirut cha m'ma 1980, ndipo bungwe la Eawag la ku Switzerland linaikonza bwino n'kuifalitsa ndi dzina loti SODIS. Mumatenga botolo loonekera la pulasitiki ya PET, la zakumwa zoziziritsa kukhosi zija, losapitirira malita 2. Mumalitsuka, kuchotsa chipepala, kuthira madzi, n'kuligoneka pamalata kwa maola 6 dzuwa likamawala. Kukakhala mitambo yambiri, masiku awiri. Mvula ikamagwa tsiku lonse njirayi sigwira.

Chimene chimapha tizilombo ndi mtundu wina wa UV wotchedwa UVA, imene imadutsa PET. Imamezedwa ndi zinthu zina za m'thupi mwa kachilombo, ndipo mphamvuyo imapatsidwa kwa okosijeni, amene amasanduka waukali n'kuwononga kachilomboko kuchokera m'kati. Kutentha kumangothandizira: madzi akapitirira madigiri 50 ntchito imafulumira kwambiri. Lamulo la Grotthuss likuoneka pa mfundo iliyonse ya malangizowa. Botolo lobiriwira kapena lofiirira silithandiza chifukwa limameza kuwala lokha. Chigubu chachikulu sichithandiza chifukwa kuwala kumathera pamwamba. Madzi a matope sathandiza chifukwa tizilombo timabisala kuseri kwa dothi, ndiye amafunika kusefedwa kaye mpaka muzitha kuwerenga zilembo zikuluzikulu za nyuzipepala mutaiika kunsi kwa botolo n'kusuzumira kukamwa kwake.

Sindikufuna kuikometsera mopitirira. Dzuwa silichotsa mankhwala a m'mafakitale kapena zitsulo zosungunuka m'madzi. Ku Kenya, pakati pa ana a Amaasai, kafukufuku anaonetsa kuti njirayi inachepetsa kutsegula m'mimba ndi kolera. Ku Bolivia kafukufuku wamkulu wa mu 2009 sanapeze kusiyana kwenikweni, ndipo mabanja ambiri kumeneko sankaitsata tsiku lililonse. Kudzaza mabotolo, kukwera padenga, kudikira, n'kumwa madzi ofunda, zimatopetsa. Kuwiritsa ndi klorini zidakali patsogolo. Komabe tsiku limene magetsi kulibe, gasi watha, nkhuni zakwera mtengo ndipo mapiritsi a klorini sanapezeke, ndi bwino kudziwa kuti denga lingathandize. Klorini nayenso amasweka ndi dzuwa, choncho ndowa ya madzi amene mwathira kale mankhwala muziivundikira n'kuiika pamthunzi.

Mukangozindikira zimenezi mumayamba kuziona ponseponse. Mabotolo a mowa ndi a mankhwala ambiri a m'famase ndi ofiirira chifukwa galasi lofiirira limameza UV ndi buluu. Mowa wa m'botolo loyera ukakhala padzuwa umanunkha m'kanthawi kochepa. Mapiritsi ena a BP, monga nifedipine, amawonongeka ndi kuwala, ndiye amene amaika timapepala ta mankhwala pazenera la kukhitchini kuti asaiwale kumwa, apeze malo ena. Atsikana a m'masaluni a m'tauni amaumitsa zikhadabo za gel ndi kanyale ka UV, ndipo dokotala wa mano akamamata dzino amaunika ndi kuwala kwa buluu kwa ma nanomita pafupifupi 470, phala lofewa n'kuuma gwa m'masekondi ochepa m'kamwa mwa munthu osamuwotcha. Ngakhale tizipangizo ta m'kati mwa foni timalembedwa ndi kuwala pa phala lomva kuwala, monga sikirini ya amalume, kungoti makina a kampani ya ASML ya ku Netherlands amagwiritsa ntchito cheza cha ma nanomita 13.5.

Imene imandikhudza kwambiri ndi ya mankhwala a malungo. Aliyense amene anapitako kumudzi nthawi ya dzinja n'kubwerako akunjenjemera amadziwa mapiritsi achikasu amene ku Malawi amati LA ndipo kuno timati Coartem. Mphamvu yake yaikulu imachokera ku artemisinin, imene Tu Youyou wa ku China anaipeza m'chitsamba cha Artemisia annua, ndipo analandira Nobel mu 2015. Mtengo wake unkakwera ndi kutsika malinga ndi zokolola za alimi a ku China, Vietnam, Madagascar ndi kum'mawa kwa Africa. Gulu la Jay Keasling ku California linasintha yisiti kuti izipanga asidi amene ali pafupi ndi artemisinin, koma sitepe yotsiriza inkafuna okosijeni waukali uja, ndipo njira yabwino yomupezera ndi kuwala. Amathira utoto womeza kuwala, amaunika, utoto umapatsira mphamvu okosijeni, okosijeni n'kukalowa pamalo pake penipeni m'molekyu. Kampani ya Sanofi inatsegula fakitale yochita zimenezi ku Garessio, ku Italy, mu 2013. Chaka cha 2012, Peter Seeberger ndi François Lévesque a ku Max Planck Institute ku Germany anali ataonetsa njira ina yochenjera: m'malo mwa thanki yaikulu imene kuwala sikufika pakati pake, anakulunga kapaipi kowonda koonekera mozungulira nyale, madzi a mankhwala n'kumayenda m'katimo. Vuto lake ndi lomwe lija la chigubu ndi botolo. Fakitale ya ku Garessio sinayende monga ankayembekezera, chifukwa mtengo wa artemisinin ya m'munda unatsika, ndipo mu 2016 inagulitsidwa kwa kampani ya Huvepharma.

Zaka 100 izi zisanachitike, mu 1912, katswiri wina wa ku Bologna, Giacomo Ciamician, amene ankayala mabotolo ake padenga la yunivesite n'kuwasiya padzuwa miyezi, analankhula pamsonkhano ku New York. Ananena kuti malasha adzatha, kuti anthu ayenera kuphunzira kupanga zinthu ndi kuwala monga zimachitira zomera, ndipo analosera mafakitale opanda utsi, a mapaipi a galasi, m'mayiko a dzuwa lambiri. M'zaka zomwezo agogo athu ena anali paulendo wapansi kuchoka ku Nyasaland kubwera ku migodi ya kuno, ena mpaka ku Wankie (Hwange wa lero) kukakumba malasha omwe ankanenawo. Ndikawerenga mawu ake ndimaona kuti ankaganiza za mayiko athu ngati malo oti anthu ena adzabweremo ndi nzeru zawo, koma pa nkhani ya dzuwa sanalakwe.

Chimene chinachedwetsa maloto akewo n'chakuti mamolekyu ambiri alibe mtundu, samameza kuwala kooneka, ndipo nyale za UV zinali zodula, zotentha ndi zoswa zinthu mosasankha. Zinasintha ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi babu ya LED ya buluu, imene Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura analandirira Nobel mu 2014, ndipo ndi yomweyo imene ili m'kati mwa tochi ndi nyale za sola zimene timagula ku Mbare Musika. Chachiwiri chinabwera mu 2008 ndi 2009, pamene magulu a David MacMillan, Tehshik Yoon ndi Corey Stephenson ku America anaonetsa kuti kadontho ka utoto wa chitsulo cha ruthenium kangameze kuwala wamba n'kusamutsa elekitironi imodzi kuchoka pa molekyu ina kupita pa inzake, zinthu n'kugwirana popanda moto. Lero makampani opanga mankhwala ali ndi mashelefu owala buluu usana ndi usiku.

Onsewa akugula magetsi kuti apange kuwala. Oyesa dzuwa lenileni ndi ochepa. M'zaka za m'ma 1940, Günther Schenck ankapanga ascaridole, mankhwala a njoka za m'mimba, m'mabotolo akuluakulu kuseri kwa nyumba yake ku Heidelberg, pogwiritsa ntchito dzuwa ndi utoto wobiriwira wa m'masamba. Posachedwapa gulu la Timothy Noël ku Eindhoven linapanga mbale ya pulasitiki yokhala ndi timipaipi m'kati, imene imasonkhanitsa kuwala kwa dzuwa n'kukusandutsa mtundu umene mankhwala akufuna, ndipo mu 2019 linalengeza kuti lapanga nayo artemisinin ndi ascaridole. Anayesera ku Netherlands, dziko la mitambo. Anachita kuikapo kachipangizo koyeza kuwala kamene kamachepetsa liwiro la pampu mtambo ukamadutsa.

Harare imalandira dzuwa pafupifupi maola 8 patsiku mukawerengera chaka chonse, ndipo kuyambira Meyi mpaka Okutobala kumwamba kumakhala koyera pafupifupi tsiku lililonse. Sindikunena kuti mawa tiyambe kuphika mankhwala a malungo padenga. Asidi woyambira uja ngofunika kugula kapena kulima chitsamba chake, ndipo mankhwala omwe munthu ameze amafunika labotale yoyeza mtanda uliwonse, imene ndi yodula kuposa nyale zonse. Koma pali ntchito zing'onozing'ono zimene sizifuna zonsezo: kuyesa kuti ndi matumba ati a pamsika amene amapirira nyengo ziwiri, ndi pulasitiki iti yopezeka kuno imene ingasefe dzuwa la makanda, ndi maola angati amene madzi a pachitsime cha ku Epworth amafuna pamalata mu Febuluwale. Mayankho a mafunso amenewa amasiyana malinga ndi kutalika kwa malo, nyengo ndi madzi ake, ndiye sangachokere ku Eindhoven. Wophunzira wa chemistry wa ku University of Zimbabwe amene akusowa mutu wa kafukufuku wake wa chaka chomaliza angayambe ndi mabotolo 20, kachipangizo koyeza UV ndi mbale zomeretsera tizilombo.